Kaliati ndi Chilumba Chopanda Doko

Kaliati anabadwira panjira. Makolo ake anali Alhomwe ochokera kuseri kwa malire, ndipo chaka chimene anathawa Apwitikizi amayi ake anali otopa kale ndi pakati. Bambo ake anali atatha mapewa ndi kunyamula machila a azungu ndi matumba a mtedza, malipiro ake chikoti. Mwanayo anabadwira m'tchire chakufupi ndi Muloza, ndipo banjalo linadzakhazikika ku Mkhumba, m'chigwa cha Phalombe, kumene linapatsidwa kamunda ka dothi lakuda lomata.

Atakula, Kaliati anagwira ntchito yomwe ija bambo ake anaithawa, kungoti iye ankaigwira mwa kufuna kwake. Anali wamtengatenga. Ankapita ku Chilwa kukasenza madengu a matemba ouma a amalonda, n'kudutsa nawo chigwa chonse, kukwera mpata wa pakati pa mapiri a Michesi ndi Mulanje, mpaka kukawatula ku minda ya tiyi kumene antchito ankalira ndiwo. Pobwera sankabwera chimanjamanja. Ankatenga mchere, nsalu, makasu, chilichonse chimene a Bwanali, Msilamu amene anali ndi kasitolo pa Phalombe, anali ataitanitsa. Anali munthu wamfupi, wa khosi lojintcha, wosakonda zolankhulalankhula. Pamutu pake tsitsi linaleka kumera pamene pankakhala nkhata.

Anakwatira Rozaria wa ku Kaduya, ndipo monga mwa mwambo wake anakakhala kwawo kwa mkaziyo, pansi pa mlamu wake Julius amene anali mwini mbumba. Mwana wawo woyamba sanakhalitse. Wachiwiri, Eveles, anapirira, nakula ali ndi mseko wa bambo ake, wotuluka mwakamodzikamodzi koma wogwira mtima. Kaliati akamabwera ku ulendo ankamusungira timatemba tingapo m'thumba la kabudula, ndipo mwanayo ankayamba kupisa m'thumbamo asanapereke n'komwe moni.

Chimene chinasokoneza moyo umenewu ndi njinga. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, asilikali anabwerako ndi kangachepe, ambiri n'kugula njinga, n'kulowa nazo malonda a nsomba. Ulendo umene Kaliati ankagonera panjira, iwo ankapita m'mawa n'kubwera tsiku lomwelo. Amalonda anayamba kumulambalala. Ankakhala pamsika ndi nkhata m'manja mpaka dzuwa kupendeka, osaitanidwa.

Tsiku lina akusenda chinangwa choti ayanike makaka, anauza mkazi wake zimene zinali kumtima.

"Ndikufuna ndifike ku Beira. Akuti kudoko akufuna anthu a misana. Chipwitikizi ndimamvako pang'ono. Dzinja limodzi lokha, ndikagule njinga yanga."

Rozaria sanakweze mutu. "Onse amatero. Bambo ake a Lenia anati dzinja limodzi. Mwana uja wamera mabere asanawaone."

"Ine sindine mtchona."

"Nawonso sanali mtchona tsiku limene ankanyamuka."

Komabe anamuphikira nyemba za kalongonda za panjira, namuperekeza mpaka pamtsinje, Eveles atamugwira bambo ake chala. Umu munali mu 1946, anthu atangokolola.

Anayenda pansi mpaka ku Luchenza, nakwera sitima yapamtunda imene inawoloka Zambezi pa mlatho wautali n'kukamutula ku Beira. Ntchito anaipeza, ndipo inali yomwe ankaidziwa: thumba paphewa, kukwera thabwa, kutula, kubwerera. Koma zimene ankalandira zinkathera m'mimba ndi pogona. Dzinja linadutsa njinga isanaoneke, ndipo manyazi anamuletsa kubwerera. Ndiye tsiku lina padoko panaima sitima yakale yoyendera malasha imene antchito ake awiri anali atathawa. Kapitawo anayang'ana khosi la Kaliati, namuuza kuti malipiro a m'sitima ndi abwino, ndipo ulendo wake ndi wa ku Durban n'kubwerera. Kaliati sanatumize ngakhale uthenga kumudzi. Ankaganiza kuti afika yekha uthengawo usanafike.

M'sitimamo ntchito yake inali pansi penipeni, kumene kulibe dzuwa. Ankakoka malasha pa wilibala kupita nawo kung'anjo, fumbi likulowa m'mphuno ndi m'maso, pansi pakugwedezeka ngati munthu waledzera. Atafika ku Durban sitimayo sinabwerere. Masiku amenewo sitima zinali zosowa, poti zambiri zinamizidwa pa nkhondo, moti ngakhale chiphakasa chinkapeza woti achitume. Inalunjika kum'mawa mpaka ku Australia. Kumeneko inabwerekedwa ndi kampani ina yogula kokonati wouma ku tizilumba ta m'nyanja ya Pasifiki, ndipo anaidzaza ndi zinthu zimene anthu a kumeneko analibe: mpunga, ufa wa tirigu, shuga, palafini, sopo, fodya, nsalu, malata, mbedza, singano, simenti yomangira thanki ya madzi, ndi mbuzi ziwiri zimene zinkalira usana wonse. Katundu wa chilumba chakutali kwambiri ndiye anayamba kulowa, poti ndiye adzatuluke pomaliza.

Chilumba chomalizacho Kaliati anachiona koyamba ngati mitengo yomera pamadzi. Panalibe phiri, panalibe mtsinje, panalibe ngakhale chulu. Unali mchenga wautali wopyapyala ndi mitengo ya kokonati, wozunguliridwa ndi matanthwe a m'madzi amene mafunde ankawamenya mosalekeza. Doko kunalibe. Kunja kwa matanthwewo nyanja inali yakuya moti nangula sakanafika pansi, ndiye sitima inkangoyandama injini ikulira, yokonzeka kuthawa mphepo ikasintha. Amuna a pachilumbapo ankabwera pa mabwato aakulu opalasa, kudzera pa kampata kamodzi ka pakati pa matanthwe. Katundu ankamutsitsira m'mabwatomo pa ukonde wa zingwe, ndipo pobwerera ankaima pakampata paja kudikira funde lalikulu loti liwanyamule. Akaliphonya, bwato linkagadabuka, shuga n'kusungunukira m'nyanja.

Tsiku limenelo kaputeni anali pa changu chifukwa kumwamba kunkada. Anaitana aliyense, ngakhale a kumalasha, kuti athandize. Kaliati anamutsitsira m'bwato kuti azilandira katundu. Analandira mpunga, nalandira malata. Kenako ukonde unatsika ndi migolo ya palafini, ndipo pa nthawi yomweyo funde linakweza bwato m'mwamba n'kuligwetsanso. Mgolo umodzi unapulumuka n'kumugwera pamwendo, mmunsi mwa bondo. Anamva fupa likuthyoka ngati nkhuni youma.

M'sitimamo munalibe dokotala, ndipo doko lotsatira linali kutali. Kaputeni anasuzumira m'bwatomo ali pamwamba, nafuula kuti amutengere kumtunda akachire, adzamutenga ulendo wotsatira, mphepo ikatembenuka. Anamuponyera kabokosi kake ka malata. Pofika madzulo, Kaliati atagona pamphasa m'nyumba ya munthu wosamudziwa, ankaona utsi wa sitima ukuchepa mpaka kuzimiririka.

Mwini nyumbayo anali Tavita, amene ankatsogolera bwato lija. Anali wamkulu kwa Kaliati, wamimba, wa manja otupa ndi nkhafi. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'sitima, ndiye awiriwa ankamvana m'Chingerezi chothyokathyoka cha amalinyero, pena n'kumalizira ndi manja. Tavita ndi mkazi wake anamanga mwendowo ndi timitengo ndi luzi la kokonati. Unapola, koma unapola chokhota, ndipo unatsala waufupi.

Pa masiku amene Kaliati sankatha kuyenda, Tavita ankakhala naye pamthunzi akusoka maukonde, n'kumamufotokozera za chilumbacho. Anati makolo awo sankadikira sitima ayi. Ankakumba maenje akuluakulu pakati pa chilumba mpaka kupeza chinyezi, n'kubzalamo mbewu yonga koko, ndipo ndi nsomba ndi kokonati ankakhuta. Sitima zoyamba zinali za osaka zinsomba zikuluzikulu, amene anasiya mipeni ndi matenda. Kenako kunabwera ina imene inaitanira amuna m'kati kuti akaone zinthu zabwino, n'kutseka chitseko. Agogo ake a Tavita anapita nayo imeneyo, ndipo palibe anabwerako. Pambuyo pake kunadza a mishoni, kenako amalonda amene anati, umitsani kokonati, ife tizikupatsani mpunga. Mpunga unali wosavuta kuposa kukumba, ndiye maenje aja anayamba kukwiririka. Nkhondo itabuka sitima inaleka kubwera kwa zaka, ndipo anthu anazindikira kuti ana awo sadziwa kulima chakudya cha makolo awo.

"Imene unabwera nayo iwe," anatero Tavita, "inali yachiwiri chithere nkhondo."

Kaliati anamuuza za bambo ake ndi machila, za Michesi, za nandolo amene amakhala wobiriwira chilimwe chonse mbewu zina zitauma. Tavita anamufunsa kawiri za nandoloyo, ngati angamere pamchenga.

Mphepo inatembenuka, sitima sinabwere. Inatembenukanso, osabwera. M'mawa uliwonse mwamuna mmodzi ankakwera mtengo wautali kuposa yonse n'kuyang'ana nyanja, ndipo akamatsika mwakachetechete aliyense ankapitiriza zimene amachita. Zinthu zinayamba kutha motsatana. Woyamba kutha anali shuga, kenako fodya, kenako mpunga. Sopo atatha anthu anabwerera ku phulusa. Singano yomaliza inkayenda nyumba ndi nyumba mpaka inathyoka, akazi n'kuyamba kusokera minga ya nsomba. Kokonati wouma amene anaunjika m'shedi kudikira sitima anachita nkhungu, nayamba kununkha. Simenti ija inali itanyowa potsitsa, theka lake n'kuuma ngati mwala, ndiye thanki inatuluka yaing'ono. Ndipo ngakhale yaing'onoyo sinadzaze, chifukwa chaka chachiwiri mvula inakana. Madzi a m'zitsime anasanduka amchere.

Tsiku lina wa mumtengo uja anakuwa. Anthu onse anathamangira kugombe, Kaliati akutsimphina pambuyo ndi ndodo. Kutali kunali utsi. Anasonkha moto waukulu ndi makoko a kokonati, akazi akukupiza nsalu, ena akuyimba nyimbo za kutchalitchi. Utsi uja unayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa thambo, osayandikira, mpaka unatha. Mayi wina anakhala pansi pamchenga pomwepo mpaka dzuwa kulowa.

Kaliati anagwira ntchito ndi Tavita yofukula dzenje lakale la makolo. Ankakumba atagwada chifukwa cha mwendo, ndi zigoba ndi fosholo yothyoka. Pokumbapo ankaganiza za munda wa ku Kaduya, kuti akulima ndani, ndiponso kuti Eveles tsopano wafika msinkhu wotunga madzi. Ankadzitonthoza kuti kwawo kuli nthaka, kuli madambo, kuli Julius. Njala ya mtundu uwu, ankatero mumtima, ndi ya anthu okhala pamchenga.

Mkazi wa Tavita anadwala chifuwa m'chilala chomwecho, ndipo mankhwala anali atatha kalekale. Anamuika mumchenga woyera, kuseri kwa tchalitchi. Patapita nthawi Tavita anamutengera Kaliati kudzenje kuja, kumene masamba anali atayamba kutambalala.

"Kuyambira apa mpaka pamtengo uwo ndi pako," anatero. "Mlongo wanga ndi wamasiye, ndipo sakukuda. Khala. Sitima ija yakuiwala."

"Ndili ndi mkazi. Ndili ndi mwana wamkazi."

"Akudziwa kuti uli moyo?"

Kaliati anati, "Ndinamuuza kuti ndibwera."

Sitima inafika kumapeto kwa 1950. Sinali ija. Inali yaing'ono, yotumidwa ndi boma, ndipo amalinyero ake anati yakale ija anaigulitsa kwa ophwasula zitsulo, poti kampani inaona kuti kupititsa katundu kutali chonchi chifukwa cha anthu ochepa chotere n'kutaya malasha. Iyi izibwera kamodzi pachaka, zikatheka. Pa katundu amene anatsitsa panali bokosi la mankhwala a chifuwa. Tavita analinyamula yekha mpaka kumtunda, nalitula bwinobwino pakhomo pa tchalitchi, osalitsegula.

Ndiye amene anamupalasira Kaliati kupita kusitima. Ali pakampata paja kudikira funde, anati, "Ukakafika, unditumizire mbewu yako ija yosaopa dzuwa. Ndi singano." Mlongo wa Tavita uja anali atapatsa Kaliati mkanda wa tizigoba ta m'nyanja kuti akapatse mwana.

Ulendo wobwerera unali wa munthu wopanda mwini. Ankamusiya padoko lina, n'kudikira sitima yomwe ingavomere wolumala kuti azisoka matumba, kenako n'kumusiyanso padoko lina. Malipiro ake a kumalasha palibe amene ankadziwa kumene anathera. Anafika ku Kaduya m'chilimwe cha 1951, ndi kabokosi ka malata ndi ndodo.

Mudzi anaupeza wochepa. Pamene panali nyumba yake panali mizere ya chinangwa. Anaima pomwepo mpaka Julius anatulukira kuseri kwa nkhokwe, atawonda, tsitsi litachita imvi. Anayang'anana nthawi yaitali.

"Alamu," anatero Julius. "Ndinu amoyo."

Anamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, osati pakhonde, monga achitira ndi mlendo wongodutsa. Anamuuza za chaka cha 1949, pamene mvula inagwa pang'ono n'kuleka, chimanga n'kupserera chisanamasule. Anthu anadya gaga, kenako mizu ya m'tchire, ena n'kuwolokera kuseri kwa malire kukasuma. Julius ankalankhula akuyang'ana pansi, ndipo dzina la mwana sanalitchule.

Rozaria anabwera kuchokera kudambo, mtsuko pamutu, khanda kumbuyo. Atamuona anatula mtsukowo mosamala, madzi osatayika ngakhale dontho, n'kukhala pansi chapatali.

"Make Eveles," anatero Kaliati.

"Dzina limenelo linatha."

Mphepo inkagwedeza masamba a mango. Kaliati anagwira ndodo yake ndi manja onse awiri.

"Anatupa miyendo, kenako nkhope," anapitiriza Rozaria, mawu ake osakwera, osatsika. "Ndinapita naye kumene ankagawa chimanga. Kalaliki anandifunsa ngati ndili pabanja. Ndinati inde, amuna anga ali kunja. Anati ndiye akutumizirani, chaulerechi ndi cha amasiye ndi nkhalamba. Ndinabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Ndikanangonena kuti munafa, mwana uja akanadya. Koma pakamwa panga panakana."

"Ndinathyoka mwendo. Anandisiya pachilumba, pakati pa nyanja. Kunalibe njira yotumizira mawu."

"Munkakatani kumeneko?"

"Tinapititsa katundu. Mpunga, ufa..."

"Mpunga," anatero Rozaria. "Masiku omaliza ankangofunsa ngati mukubwera ndi matemba."

Khanda lija linayamba kulira, iye n'kulitembenuzira kutsogolo. Anati bambo ake ndi a Laston, amene anabwera ndi makaka kuchokera kuseri kwa malire pamene iye anali atalephera ngakhale kudzuka. Sananene modandaula kapena mopepesa. Ananena monga munthu akufotokoza kumene njira yapita. Kenako anasenza mtsuko wake.

Kaliati anapempha kuti aone manda. Julius anamutengera kumsitu, kumene timitumbira ta ana a chaka chimenecho tinali tambirimbiri, togundana, tina titafafanizika ndi mvula. Julius anayenda uku ndi uku, naloza kamodzi, kenako anakayika n'kuloza kena. "Masiku amenewo tinkaika awiri kapena atatu pa tsiku," anatero. "Adzukulu nawo analibe mphamvu." Kaliati anatulutsa mkanda uja, koma sanadziwe poti auike. Potuluka kumandako anaupereka kwa Julius kuti akapatse khanda lija. Julius anabweza manja kumbuyo. Anati zinthu za kunyanja zosadziwika sizilowa m'nyumba ya mwana wakhanda.

Ku Mkhumba anapeza amayi ake atamwalira, ndipo mlongo wake atabwerera kudziko limene makolo awo anathawa. Munda unali ndi ena. Anatsikira pa Phalombe, kwa a Bwanali. Kasitolo kaja kanali katakula, ndipo katundu tsopano ankabwera pa lole. A Bwanali anamuyang'ana mwendo, namuyang'ana nkhope.

"Kusenza ndiye kwatha, achimwene. Mumatha chiyani china?"

"Kusoka matumba. Ndinaphunzira m'sitima."

Anamupatsa malo pakona ya khonde, ndi kachipinda kuseri kumene ankasungako zikopa. Kuyambira pamenepo Kaliati ankakhala pakhondepo, mwendo wokhota atautambasula, akusoka matumba a nandolo ndi a thonje. Poyamba anthu ankabwera kudzamufunsa kumene anatchona. Iye ankafotokoza moona, koma akafika pa dziko lopanda phiri ndi mtsinje, kumene munthu ukaima pakati umaona nyanja uku ndi uku, anthu ankayang'ana Michesi ali njo pamwamba pawo n'kuseka. Ena ankati anali kundende ku Beira. Anamupatsa dzina loti Pasifiki, ndipo ankamuitana nalo ngakhale amene sankadziwa tanthauzo lake. Patapita nthawi analeka kufotokoza.

Chimene sanaleke kuganiza ndi pempho la Tavita. Nyengo ya nandolo itafika anasankha mbewu yabwino, imodziimodzi, naiyanika padenga, naisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Anaonjezako mapira pang'ono. A Bwanali atamva nkhaniyo sanaseke. Anatenga mapaketi awiri a singano pashelefu n'kumuikira pamwendo. Kaliati anasokera zonsezo m'chinsalu cholimba cha tenti, msoko wake wothinana woti madzi a m'nyanja asalowe, monga ankachitira ndi katundu wopita m'bwato.

Anakwera lole kupita ku positi ya ku Boma. Kalaliki wa kumeneko anali munthu woleza mtima. Anamufunsa dzina la kumene phukusilo likupita, ndipo Kaliati analitchula monga ankalitchulira eni ake. Kalalikiyo analilemba, nalifufuza, osalipeza. Anamuuza kuti alitchulenso, nalilemba mwa mtundu wina, osalipezabe.

"Mwina chilumbacho azungu amachitchula dzina lina, bambo. Chili pansi pa boma liti?"

Kaliati sankadziwa.

"Nanga sitima yopita kumeneko imanyamukira doko liti?"

Ankadziwa kumene inkanyamukira yakale ija, imene anaiphwasula. Za yatsopanoyo sankadziwa.

Anapita kwa wansembe wa ku mishoni, amene anamutambasulira mapu patebulo. Nyanja ya Pasifiki inali yaikulu kuposa maiko onse amene Kaliati anadutsamo, ndipo tizilumba tinali ngati zitosi za ntchentche, tina ndi maina, tina popanda. Wansembeyo anawerenga maina mokweza, limodzilimodzi, Kaliati akupukusa mutu. Pomaliza anamufunsa kuti angoloza chigawo chake. Kaliati anayendetsa chala pamwamba pa pepalalo, koma ulendo wonse uja anauyenda ali pansi, kumalasha. Sanaone kumene ankalowera.

Phukusilo linakhala m'kachipinda kaja chaka chathunthu. Kenako anamva kuti mwamuna wina wa ku Mkhumba akupita kukagwira ntchito kudoko la Beira. Anamupempha kuti akalipereke kwa mmalinyero aliyense wa sitima yopita kum'mawa, naphunzitsa munthuyo dzina la chilumba ndi la Tavita mpaka analoweza. Munthuyo atabwerako chaka chotsatira anati analipereka ndithu, kwa mzungu wina wa ndevu. Ankanena akuyang'ana kumbali. Nthawi yomweyo n'kuti anthu akudziwa kale kuti mkazi wa munthuyo ku Mkhumba amabwereketsa singano zatsopano posinthana ndi mazira. Kaliati anamuthokoza, osafunsanso china.

Sanasonkhenso phukusi lina. Chifuwa chimene anachitenga kumalasha chinayamba kumukulira, ndipo ankatsokomola zakuda. Rozaria ankabwera pamsika nthawi zina kudzagula mchere. Ankadutsa kutsidya kwa msewu, koma kawiri kapena katatu Kaliati anapeza chinangwa chophika chokulunga m'masamba a nthochi pamalo pake pakhonde, osadziwa amene wasiya. Sanafunse.

Anamwalira m'mwezi wa Novembala 1958, mvula yoyamba itangogwa, thumba losamaliza lili pamwendo. A Bwanali, ngakhale anali a chipembedzo china, ndiwo anatuma uthenga kwa akulu a mpingo, napereka nsalu yoyera ndi matabwa a mabokosi a sopo. Panabuka kamkangano pa za manda, poti ku Kaduya anati si kwawo, ndipo ku Mkhumba kunalibe wake. Pomaliza anamuika m'mphepete mwa manda a mishoni, kumene amaika alendo. Anthu anali ochepa, chifukwa tsiku limenelo aliyense ankathamangira kubzala, ndiponso alangizi a malimidwe anali m'midzi kuyeza mizere, wopezeka wosakonza n'kumutengera kukhoti.

Rozaria anafika mwambo uli pakati, khasu paphewa, mbewu m'kansalu. Sanalowe m'mandamo. Anaima panjira mpaka adzukulu anamaliza kukwirira, milomo ikuyenda ngati akutsatira pemphero. Mayi wina anamukodola kuti abwere adzakhale ndi anzake, iye anapukusa mutu. Anthu atayamba kubalalika anakonza khasu lake paphewa, n'kulowera njira ya kumunda.